Mafunso Anu: Wotchi Yodulayi Ndi Yeniyeni Kapena Yafeki?

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akukamba nkhani imodzi. Munthu wapeza wotchi ya dzina lalikulu, kaya Rolex, Omega kapena Cartier, mtima wake wagwa nayo, koma akuopa kutaya ndalama pa chinthu chabodza. Mantha amenewa ndi oyenera ndithu. Bungwe la makampani opanga mawotchi ku Switzerland, la Federation of the Swiss Watch Industry, limanena kuti chaka chilichonse pamsika pamalowa mawotchi achinyengo mamiliyoni makumi angapo. Akatswiri athu okonza mawotchi ayankha motere.

Funso: Akonzi, mnzanga wandiuza kuti kugwira Rolex yabodza n'kosavuta. Akuti muvi wa masekondi ukamadumpha kamodzi pa sekondi ndiye kuti ndi feki, ukamayenda mosalala ndiye yeniyeni. Imene akufuna kundigulitsayi muvi wake ukuyenda mosalala. Ndilipire?

Yankho: Musalipire kaye, bambo. Mnzanuyo wanena zoona pang'ono chabe, ndipo malangizo omwewa apusitsa anthu ambiri.

Wotchi ya batire imadalira kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo muvi wake umasuntha kamodzi pa sekondi. Wotchi ya makina ilibe batire. Mphamvu yake imachokera ku sipuling'i yopindidwa, ndipo nthawi imawerengedwa ndi kagudumu kamene kamapita uku ndi uku. Mu Rolex zambiri zamakono kagudumuka kamagunda ka 28,800 pa ola, kutanthauza kuti muvi umaponda timasitepe 8 pa sekondi iliyonse. Maso amaona ngati ukungoyenda, koma ukudumpha mothamanga. Mawotchi abodza otchipa nthawi zambiri amakhala ndi makina ogunda ka 21,600 pa ola, omwe ndi timasitepe 6 pa sekondi. Mukajambula vidiyo yoyenda pang'onopang'ono pa foni, mutha kuwerenga timasitepeti pakati pa timizere tiwiri ta masekondi. Mukapeza 6 pa Rolex ya mtundu wa Submariner kapena Datejust ya zaka zaposachedwa, bwezani wotchiyo kwa mwini wake.

Koma mukapeza 8, simunatsimikize chilichonse. Opanga zachinyengo masiku ano amakopera makina onse, ndipo nawo amagunda ka 28,800. Komanso lamulo la mnzanulo limanamizira mawotchi ena enieni. Rolex inapangapo wotchi ya batire yotchedwa Oysterquartz kuyambira 1977 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo imeneyi imadumpha kamodzi pa sekondi. Ma Cartier Tank ambiri ndi a batire, chimodzimodzinso ma TAG Heuer Formula 1 ambiri. Omega Speedmaster yotchuka ija ya Moonwatch imagunda ka 21,600, pomwe makina a Omega a nambala 8800 amagunda ka 25,200. Choncho musanawerenge n'komwe, dziwani kaye makina amene amayenera kukhala mu wotchi ya mtundu umenewo ndi chaka chimenecho.

Mfundo imene tikufuna muigwire, chifukwa ibweranso m'mayankho enawa, ndi yakuti mayeso a kunja amatha kugwira wotchi yabodza koma sangathe kuyeretsa wotchi. Ikalephera amodzi okha, mlandu watha. Ikapambana onse, mlandu ukadalipo.

Funso: Wogulitsa wavomera kuti ndiione Submariner kwa mphindi zochepa ndisanaganize zogula. Sindine katswiri. Ndiyang'ane chiyani, ndipo nditenge zipangizo zanji?

Yankho: Mayi, tengani zinthu zinayi: kagalasi kokuza zinthu ka 10, kamene osula zodzikongoletsera amagwiritsa ntchito, tochi yaing'ono, kansalu kofewa, ndi zithunzi zooneka bwino za wotchi ya nambala yomweyo zochokera pa webusayiti ya kampani kapena kwa wogulitsa wodziwika. Zithunzizi n'zofunika kuposa zonse, chifukwa diso limagwira kusiyana mosavuta likamayerekeza zinthu ziwiri. Muionere pa kuwala kwa dzuwa, pafupi ndi zenera. Magetsi a m'sitolo amanyezimiritsa chilichonse.

Yambani ndi deti. Pamwamba pake pali kagalasi kotumphuka kotchedwa Cyclops, kamene kamakuza manambala ka 2.5. Mukayang'ana molunjika, nambala ya deti iyenera kudzaza pafupifupi kazenera konse, ikhale pakatikati, ndipo m'mphepete mwa nambalayo mukhale mwakuthwa. Pa zabodza zotchipa nambala imaoneka yaing'ono, ngati yamira, kapena imapendekera mbali imodzi. Kenako masulani kachitsulo kopukusira kali m'mbali, mukakoke mpaka kumapeto. Muvi wa masekondi uyenera kuima nji. Zungulitsani mivi kudutsa 12 koloko usiku. Deti la Rolex limasintha kamodzi n'kamodzi, ngati kuphethira, pafupi kwambiri ndi 12. Likayamba kukwawa pang'onopang'ono kuyambira cha m'ma 11, makinawo ndi ena. Pamene mukupukusa, mvetserani ndi zala zanu: pasamveke kukhakhala ngati muli mchenga, ndipo pomanganso kachitsuloko kazilowa m'mazinga ake popanda kukakamiza. Pansi pa korona, chizindikiro cha Rolex, pa kachitsuloka, Submariner imakhala ndi timadontho titatu.

Tsopano tengani kagalasi kaja muone zolemba za pankhope ya wotchi. Utoto weniweni umakhala wokhuthala, wotukuka pang'ono, ndipo sutayikira kunja kwa chilembo. Onani mipata ya pakati pa zilembo, ndipo onani ngati pali fumbi, kaubweya kapena kadontho ka guluu pansi pa galasi. Pansi penipeni, pa 6 koloko, pali mawu akuti SWISS MADE. Pa Submariner ya mamilimita 41, imene inatuluka mu 2020, pakati pa mawu awiriwa pali kakorona kakang'ono. Pa ya mamilimita 40 ya zaka za m'mbuyo kakoronaka palibe. Achinyengo amasokoneza zoterezi kawirikawiri, n'kuika nkhope ya mtundu wina pa thupi la mtundu wina.

Pa galasi penipenipo, cha pa 6 koloko pomwepo, Rolex inayamba cha m'ma 2002 kujambula kakorona kopangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Kameneka n'kovuta kukaona. Muyenera kuwalitsa tochi chammbali ndi kupendeketsa wotchi kuti kaonekere. Mukakaona msanga ndi maso okha, koyera mbuu ngati kokandidwa, kayikirani.

Pakati pa galasi ndi nkhope pali kakhoma kachitsulo kozungulira. Pa mawotchi opangidwa kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 2000, pakhomapa pamalembedwa ROLEX mobwerezabwereza, korona ali pa 12 ndipo nambala ya wotchiyo ili pa 6. Koronayo alunjike bwino pa chizindikiro cha 12, ndipo zilembo zigwirizane ndi timizere ta mphindi.

Mkombero wa kunja wa Submariner umazungulira mbali imodzi yokha, mobwerera kumanzere, ndipo umalira ka 120 kuti uzungulire kamodzi. Werengani ndithu, musachite manyazi. Kulira kwake kukhale kofanana ponseponse, usagwedere, ndipo kachizindikiro ka makona atatu kaime ndendende pa 12. Walitsani tochi pankhope kwa masekondi 20, kenako phimbani ndi manja. Ya zaka zaposachedwa imawala mtundu wa buluu, ndipo mivi ndi zizindikiro za maola ziwale mofanana, popanda zigamba.

Malizani ndi lamba. Yendetsani chala m'mphepete mwake ndi kunsi kwa chomangira. Weniweni sacheka chala ndipo sakoka ubweya. Mfundo zochotseka za lambayo zimagwidwa ndi masikuluwu enieni, osati timisomali tongokhomera tokhala ndi mutu wonamizira. Pamene lamba wakumana ndi thupi la wotchi pasakhale mpata woti n'kulowa pepala. Chomangira cha Submariner yamakono chimatalikitsa lamba pang'onopang'ono, mamilimita 2 nthawi iliyonse, mpaka pafupifupi mamilimita 20, ndipo chimayenda mosakakamira.

Zonsezi zimatenga mphindi 15. Wogulitsa akamakufulumizitsani, kapena akamakana kuti muigwire nokha, nyamukani.

Funso: Wotchi imene ndapeza ili ndi bokosi lake, kabuku ndi khadi la chitsimikizo, ndipo nambala ya pa khadi ikufanana ndi ya pa wotchi. Kodi umenewu si umboni wokwanira?

Yankho: Ayi, achimwene. Kusindikiza khadi n'kosavuta kuposa kupanga wotchi, ndipo amene wakwanitsa kukopera makina sangalephere bokosi. Palinso malonda a mabokosi ndi makhadi enieni opanda wotchi, ndipo munthu atha kugula khadi lenileni kenako n'kulembetsa nambala yake pa wotchi yabodza.

Wotchi ili ndi manambala awiri ndipo musawasokoneze. Yoyamba ndi ya mtundu, monga 116610LN kapena 126610LN, imene imauza kukula, chitsulo ndi makina. Yachiwiri ndi ya wotchi imodzi yokhayo. Pa Rolex zakale, zonse ziwiri zili pakati pa nyanga zogwira lamba, ya mtundu ku 12 koloko, inayo ku 6 koloko, ndipo muyenera kuchotsa lamba kuti muzione. Zolemba zenizeni n'zakuya, zodulidwa bwino, ndipo zimanyezimira mukapendeketsa. Zabodza zambiri zimadyedwa ndi asidi, motero zimaoneka zosazama, pansi pake pali ngati mchenga. Kuyambira cha m'ma 2010, Rolex inasiya kutsata ndondomeko ya manambala n'kuyamba kusakaniza zilembo ndi manambala mwachisawawa, choncho simungadziwenso chaka pongowerenga nambala. Dziwaninso kuti Rolex ilibe webusayiti yoti munthu wamba alembepo nambala n'kuuzidwa kuti wotchi ndi yeniyeni. Wina akakutumizirani tsamba lotero, si la kampaniyo.

Pali zinthu ziwiri zothandiza zimene mungachite ndi nambalayo. Ilembeni pa Google. Mafakitale a zabodza amabwereza nambala imodzi pa mawotchi ambirimbiri, ndipo mukaipeza pa malonda a anthu osiyanasiyana, mwadziwa. Kenako ifufuzeni m'kaundula wa mawotchi obedwa, monga The Watch Register ya ku London kapena Enquirus imene kampani ya Richemont inatsegula mu 2023. Wotchi itha kukhala yeniyeni koma yakuba, ndipo tsiku limene mudzaipititse kokonzetsa ikhoza kugwidwa, inu n'kutsala chimanjamanja.

Onaninso ngati mapepala akugwirizana ndi nthawi yake. Chitsimikizo cha Rolex chinakhala cha zaka 5 kuyambira mu July 2015. Chomata chobiriwira chonyezimira chimene chinkakhala kumbuyo kwa wotchi chinasiyidwa cha m'ma 2007, motero wotchi yomwe akuti ndi ya chaka chatha ikakhala nacho, chaikidwa kuti chikukopeni. Kampani ya Patek Philippe imapereka chikalata chochokera m'mabuku ake akale chofotokoza wotchi ya nambala yakutiyakuti, koma chikalatachi chimangonena zimene zinatuluka m'fakitale. Sichikunena kuti imene ili m'manja mwanu ndi yomweyo.

Funso: Ndamva kuti yeniyeni imalemera. Nanga ya golide ndingaidziwe bwanji kuti si yongopaka?

Yankho: Kulemera kumathandiza ngati mwagwiritsa ntchito sikelo, osati dzanja. Submariner yachitsulo yamakono yokhala ndi mfundo zonse za lamba imakhala pakati pa magalamu 150 ndi 160. Werengani mfundozo kaye, chifukwa mwini wake akachotsapo zingapo kulemera kumatsika. Yabodza yotchipa imapepuka moonekeratu, koma yabodza yapamwamba imasiyana ndi magalamu ochepa chabe, ndipo ina imapangidwa ndi chitsulo cha 904L chomwe Rolex imagwiritsa ntchito.

Pa golide ndiye sikelo imalankhula kwambiri. Golide wa makarati 18 amalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri chitsulo cha kukula komweko. Wotchi yachitsulo yongopakidwa golide imagwidwa pomwepo. Achinyengo ochenjera amabisa chitsulo chotchedwa tungsten m'kati, chifukwa tungsten amalemera kuposanso golide wa makarati 18, choncho sikelo yokha isakukhutiritseni. Funani zidindo kunsi kwa nyanga ndi pa chomangira: nambala 750, kachizindikiro ka sikelo, ndi mutu wa galu wa mtundu wa St Bernard, chomwe ndi chidindo cha boma la Switzerland kuyambira 1995. Zakale zisanafike chaka chimenecho zili ndi mutu wa mkazi wotchedwa Helvetia. Pa platinamu nambala yake ndi 950. Yang'anani ndi kagalasi m'makona mmene mumakhuzika kwambiri. Golide weniweni akakandika, pansi pake pamakhala golide yemweyo. Wopaka amaonetsa chitsulo chotuwa.

Makina oyezera a XRF amene ogula golide amakhala nawo amawerenga pamwamba pokha, ndiye golide wopaka mokhuthala atha kuwapusitsa. Muwaphatikize ndi sikelo. Musakande wotchi ndi tupa, musaithire asidi, ndipo chonde musaiyandikize maginito. Zitsulo zonse ziwiri zopangira mawotchi, cha 316L chofala ndi cha 904L chija, sizikokedwa kwenikweni ndi maginito, ndiye simuphunzirapo kanthu, koma mutha kuwononga kasipuling'i ka kagudumu, wotchi n'kuyamba kuthamanga mphindi zingapo pa tsiku.

Funso: Kodi n'zoona kuti Rolex iliyonse yokhala ndi galasi kumbuyo ndi yabodza?

Yankho: Pafupifupi iliyonse, koma osati zonse. Submariner, Datejust kapena GMT-Master II yoonetsa makina kumbuyo ndi yabodza kapena yasinthidwa chivindikiro. Koma Rolex ya Cellini Prince inali ndi galasi kumbuyo, ndipo mu 2023 Rolex inatulutsa Daytona ya platinamu ndi Perpetual 1908 zokhala nalo. Chivindikiro cha Rolex zambiri chimakhalanso chopanda zolemba kunja, kupatula mitundu ingapo monga Sea-Dweller ndi Milgauss. Ku Omega ndi Patek Philippe galasi la kumbuyo ndi lofala.

Funso: Mukuti mayeso a kunja sakwanira. Nanga wokonza mawotchi akaitsegula amaona chiyani chimene ine sindingaone? Wogulitsa akuti ali ndi katswiri wake amene angatithandize.

Yankho: Katswiri musankhe nokha, bambo, ndipo mumulipire nokha. Wa wogulitsa ayi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa mawotchi abodza apamwamba a masiku ano ndalama zambiri zimathera pa zimene wogula amaona, m'kati n'kumene amadulira njira.

Chivindikiro cha Rolex chili ndi timano tozungulira, ndipo chimatsegulidwa ndi chida chake cholingana ndi kukula kwake. Mukaona munthu akutenga pulayala kapena mpeni, landani wotchi. Akatsegula, choyamba amawerenga nambala ya makina n'kuiyerekeza ndi mtundu wa wotchi. Submariner ya 116610 imakhala ndi makina a 3135, ya 126610 ndi 3235, Daytona ya 116500 ndi 4130. Koma nambala ndi zolemba chabe. Zabodza zina zimakhala ndi makina otchipa amene aphimbidwa ndi kachitsulo kokongoletsa kolembedwa Rolex, kongomata pamwamba, kokhala ndi timiyala tofiira topanda ntchito ndi masikuluwu osagwira kanthu.

Pamene katswiri amayang'anitsitsa ndi pa kagudumu kowerenga nthawi. Mu Rolex yamakono, liwiro la kagudumuka limasinthidwa ndi timanati ting'onoting'ono tagolide totchedwa Microstella, tomwe tili m'kati mwa mkombero wake. Palibe kamkono kokankha kofupikitsira kasipuling'i. Makina ambiri okopera amakhala nako kamkonoka, chifukwa ndi njira yotchipa yosinthira liwiro, ndipo ena amakabisa pansi pa chitsulo n'kuika timanati tongokongoletsa. Kasipuling'i keniko, kotchedwa Parachrom, kamakhala ka buluu wochokera m'chitsulo momwemo, pomwe kabodza nthawi zina kamangopakidwa utoto. Amaonanso m'mphepete mwa zitsulo ngati mwasalazidwa bwino, mitu ya masikuluwu ngati ndi yosalala, ndi mafuta ngati aikidwa kadontho pamalo pake kapena angomwazika.

Kenako amaika wotchi pa makina omvetsera kugunda otchedwa timegrapher, moigoneka chagada, chafufumimba ndi chammbali. Makinawa amauza kagundidwe ka pa ola, masekondi amene wotchi ikupitirira kapena kutsalira pa tsiku, ndi kukula kwa mpata umene kagudumu kakuzungulira. Poyerekeza, bungwe la COSC, loyesa mawotchi ku Switzerland, limavomereza wotchi imene sitsalira masekondi oposa 4 kapena kupitirira oposa 6 pa tsiku, itayesedwa masiku 15. Rolex kuyambira 2015 imalonjeza masekondi 2 uku kapena uku. Omega ya Master Chronometer, yoyesedwa motsatira METAS, bungwe la boma la Switzerland loona za miyezo, imakhala pakati pa 0 ndi 5. Makina ambiri athanzi, atapukusidwa mokwanira n'kugonekedwa, kagudumu kake kamazungulira madigiri 270 mpaka 310. Apa pafunika nzeru. Wotchi yeniyeni imene yatha zaka 10 osathiridwa mafuta itha kuonetsa zotsatira zoipa, ndipo yabodza yongosinthidwa kumene itha kuonetsa zabwino itagona chagada. Chimene chimaulula yabodza kawirikawiri ndi kusiyana kwakukulu ikatembenuzidwa mbali zina.

Ngati wogulitsa alola kuti igone kwa katswiri, pali mayeso ena osavuta. Ipukuseni mokwanira, muisiye patebulo. Makina a 3135 amayenda pafupifupi maola 48, a 3235 pafupifupi maola 70. Wotchi yolembedwa 3235 ikaima patatha maola 40, pali funso lofunika yankho.

Akamatseka, aone kamphira kotchinga madzi ndipo ayese wotchiyo pa makina a mpweya. Ambiri amaiwala zimenezi, kenako nthunzi imalowa n'kuchititsa dzimbiri. Ngati wotchi ikadali pa chitsimikizo cha kampani, musaitsegulitse kwa munthu wamba, chifukwa chitsimikizocho chikhoza kutha. Ipititseni ku malo ovomerezeka ndi kampaniyo. Kumeneko sakonza wotchi yabodza, choncho lisiti lawo la ntchito, lokhala ndi nambala ya wotchiyo, ndi umboni wolemera kuposa bokosi ndi khadi.

Funso: Ndikufuna Omega yakale ya m'ma 1960. Katswiri wati makina ndi enieni, koma akukayikira nkhope ndi mivi. Ngati makina ndi enieni, vuto lili pati?

Yankho: Vuto lili pa mtengo, mayi. Pa wotchi yakale, gawo lalikulu la ndalama mumalipirira nkhope, mivi ndi mkombero zimene inabadwa nazo. Pali mawotchi amene amalumikizidwa kuchokera ku ziwalo za mawotchi angapo, chilichonse chenicheni pachokha, koma sizinatulukire limodzi m'fakitale. Amenewa ndi ovuta kugwira kuposa abodza enieni. Mu November 2021, Speedmaster imene inkadziwika kuti ndi ya 1957 inagulitsidwa pa okushoni ku Geneva pa mtengo woposa mafaranki a ku Switzerland 3 miliyoni, ndipo wogula anali kampani ya Omega yomwe. Mu 2023 kampaniyo inalengeza kuti wotchiyo inali yolumikiza kuchokera ku ziwalo zosiyanasiyana. Ngati zinatheka pamenepo, katswiri wanuyo akuchita bwino kukayikira.

Njira imodzi yothandiza ndi tochi ya UV. Kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, utoto wowala mumdima unkapangidwa ndi tritium, ndipo nkhope zake zambiri zili ndi chilembo T pafupi ndi mawu akuti SWISS. Mphamvu ya tritium imatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse, ndiye nkhope ya m'ma 1960 siyenera kuwala yokha usiku. Mukaiwalitsa ndi UV imayaka pang'ono n'kuzima msanga. Ikawala kwambiri kwa mphindi zambiri, yapakidwanso utoto wamakono. Mivi ndi zizindikiro za maola zikhale zitakalamba mofanana. Mivi yoyera mbee pa nkhope yachikasu ndi yosinthidwa. Onaninso nyanga: zikakhala zowonda, zosafanana, makona ake atafafanizika, wotchiyo yapukutidwa ndi makina mopitirira muyeso.

Ziwalo zimene kampani yomwe inasintha pokonza si chinyengo, bola wogulitsa anene ndipo mtengo utsike moyenera. Miyala ya dayamondi yoikidwa ndi anthu ena nayo imatsitsa mtengo m'malo moukweza, ndipo kampani ikhoza kukana kukonza wotchi yotero mpaka ibwezeretsedwe mwakale.

Funso: Nanga ya timivi ting'onoting'ono tambiri, monga Daytona? Komanso tiuzeniko za mitundu ina.

Yankho: Pa Daytona ndi Speedmaster, muvi wautali wapakati si wa masekondi a nthawi zonse. Umaima pa 12 mpaka mutadina batani la pamwamba. Dinani, uyambe. Dinaninso, uime. Dinani la pansi, ubwerere ndendende pa 12 nthawi yomweyo. Usiyeni uyende mphindi ziwiri muone ngati kamuvi kowerenga mphindi kakusuntha. Pa zabodza zotchipa timivi timeneti timaonetsa tsiku la sabata, kapena tinangomatidwa. Masekondi a nthawi zonse ali pa 6 koloko pa Daytona ya kuyambira 2000, koma pa 9 koloko pa ya 1988 mpaka 2000. Moonwatch ilibe deti ndipo ndi yopukusa ndi dzanja, choncho mukaigwedeza pafupi ndi khutu musamve chitsulo chikuzungulira m'kati. Ya galasi lapulasitiki la hesalite ili ndi kachizindikiro ka Omega kakang'ono pakati penipeni pa galasilo.

Pa ma Cartier ambiri, dzina la kampani limabisika m'kamzere kamodzi ka nambala yachiroma VII kapena X, ndipo liyenera kuwerengeka bwino pa kagalasi. Royal Oak ya Audemars Piguet ili ndi masikuluwu 8 a makona 6 pa mkombero, okhala mwaudongo m'mabowo awo, timipata take titatsata kuzungulira kwa mkomberowo. Mawu akuti Swiss Made, amene kuyambira 2017 amafuna kuti 60 peresenti ya ndalama zopangira wotchi ithere ku Switzerland, aliyense atha kuwasindikiza.

Funso: Ndaiona pa intaneti, wogulitsa ali kutali, zithunzi ndi zokongola ndipo mtengo ndi theka la umene ena akutchula. Akuti akufuna ndalama mwachangu. Nditani?

Yankho: Theka la mtengo lija ndi yankho kale, achemwali. Wotchi yotchuka yachitsulo imagulidwa tsiku lomwelo ndi ogulitsa akuluakulu pa mtengo wabwino, ndiye munthu wofuna ndalama mwachangu alibe chifukwa choitayira kwa mlendo. Mawu monga AAA, 1:1, super clone, kapena akuti ndi zotsala za ku fakitale, onse akutanthauza feki.

Ngati mtengo uli wabwinobwino ndipo mukufuna kupitiriza, yambani ndi kutsimikiza kuti wotchiyo ilipo. Muuzeni aike mivi pa nthawi imene mwasankha inu, monga 4:37, aiike pambali pa pepala lolembedwa mawu amene mwamuuza, ajambule. Pemphani vidiyo akuzungulitsa mkombero ndi kusintha deti, ndi zithunzi zapafupi za nambala, chomangira ndi m'mbali. Zithunzi zake zoyamba zifufuzeni pa Google kuti muone ngati sanazibe kwina.

Polipira, musatumize ndalama mwachindunji mwa njira imene simungazibweze. Misika ina monga Chrono24 imasunga ndalama mpaka katundu atafika, eBay m'maiko ena imayamba yapititsa wotchi kwa akatswiri isanafike kwa wogula, ndipo Rolex kuyambira December 2022 ili ndi ndondomeko yogulitsa mawotchi ogwiritsidwapo kale ntchito amene yawatsimikiza yokha, ndi chitsimikizo cha zaka 2. Wogulitsa akati tichoke pa msikawu tikambirane patokha kuti mtengo utsike, chitetezo chanu chonse chathera pomwepo. Lisiti likhale ndi dzina la wogulitsa, manambala onse awiri, mawu akuti wotchi ndi yeniyeni ndi ziwalo zake zonse, ndi masiku amene mungaibweze. Phukusi likafika, jambulani vidiyo potsegula kuyambira lisanang'ambidwe.

Mukakumana maso ndi maso, samalani ndi kusinthanitsa. Ena amaonetsa yeniyeni kwa katswiri, kenako poika m'bokosi amalowetsa inzake yabodza. Ikangoyesedwa isachokenso m'manja mwanu, ndipo werenganinso nambala musanapereke ndalama.

Funso: Ine ndinagula kale, ndipo wokonza mawotchi wandiuza kuti ndi yabodza. Ndigulitse kwa wina kuti ndipezeko kangachepe?

Yankho: Pepani kwambiri, bambo, koma musatero. Kugulitsa chinthu mukudziwa kuti ndi chabodza ndi mlandu, ndipo mukhala mwapatsira munthu wina ululu womwewo. Pemphani katswiriyo akulembereni lipoti losainidwa, lotchula zimene wapeza, ndi zithunzi za m'kati. Sungani mauthenga onse, chithunzi cha malonda aja ndi umboni wa malipiro, musanamuuze wogulitsa, chifukwa akangodziwa amafufuta. Kenako mulembereni kuti akubwezereni ndalama pofika tsiku limene mwatchula. Ngati munalipira ndi khadi la kubanki kapena kudzera pa msika wa pa intaneti, kadandauleni lero lomwe, popeza njira zimenezi zili ndi malire a masiku. Akakana kapena akasowa, pitani kupolisi ndi mapepala onsewo. Musaitumize kunja kapena kuyenda nayo podutsa malire: ku Switzerland, mwachitsanzo, kuyambira 2008 a kasitomu ali ndi mphamvu yolanda wotchi yachinyengo ngakhale ili yongovala mwini wake.